Che Amidu, Amene Tinkaopa Kuwagwetsa

Loweruka lapitali kunali sadaka ya masiku makumi anayi chimwalirireni Che Amidu, ija Asilamu amati arubaini. Tinapitako anthu asanu a timu yathu ya ragibi, titavala malaya aatali manja ngati tikukafunsira ntchito. Titadya, mwana wawo woyamba, Rajabu, anandikokera pambali n'kundifunsa funso limene ndikuganiza kuti analisunga zaka zisanu ndi ziwiri. Anati iye sanapondeko kubwalo kwathu ngakhale tsiku limodzi, ndiye ndimuuze mmene bambo ake ankasewerera. Ndinayankha kuti anali olimba mtima, ndipo tonse tinkawalemekeza kwambiri. Rajabu anathokoza, n'kubwerera kwa alendo ake. Ine chichokereni kumeneko sindikukhazikika. Sindinaname ayi, koma ulemu umene ndinadzitama nawowo ndi umene unawazunza bambo ake, ndipo wotsogolera ndinali ine.

Che Amidu anali osoka nsapato pakhonde la sitolo ina ku Area 2, ku Old Town ya Lilongwe, mumsewu wotsikira kumsika waukulu. Anthu amati anakhala pakhonde limenelo zaka zoposa makumi atatu, koma kunena zoona munthu uja sankadziwa kukhala. Akamasoka, mwendo wakumanja unkangogwedera wokha. Tiyi ankamwa ali chiimire. Ukawapatsa nsapato, asanaiyang'ane n'komwe ankakuuza kuti uyende kaye mpaka pamtengo wa magetsi n'kubwerako, iwo ali pambuyo pako, maso ali pazidendene. Ankanena kuti pakamwa pa munthu pamanama koma kunsi kwa nsapato yake sikunama: wokhwekhwereza mapazi, woyenda modzimva, wozengereza kupita kunyumba, onse amadziulula pa soli. Ankakangana ndi telala wa pakhonde lomwelo m'mawa uliwonse, nkhani yake ya amene wasesera zinyalala mbali ya mnzake, kenaka masana n'kudyera mbale imodzi.

Mpira ndinapita nawo kwa iwo ndine. Nthawi imeneyo timu yathu inali ndi mipira iwiri yokha, ndipo umodzi unali utasomoka pamsoko. Tinali gulu losakanikirana: alonda ndi osamalira maluwa a m'mipanda ya ku Area 10, makalaliki awiri atatu a ku City Centre monga ine, ndi ena osowa chochita. Tinkakumana Lachiwiri ndi Lachinayi tikaweruka, pabwalo la sukulu ina cha ku Area 14. Che Amidu anautembenuza mpirawo uku ndi uku, n'kundifunsa kuti anaukhalira ndani kuti ufike pooneka ngati papaya. Nditafotokoza kuti anaupanga choncho dala, anausoka, koma anakana kundipatsa. Anati iwo satulutsa ntchito imene sakudziwa kumene ikukagwira. Lachinayi anabwera nawo okha m'jumbo, anaima pamzere n'kumaonerera. Sipanathe mphindi khumi, tinangoona avula nsapato, apinda buluku, ali pakati pathu. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi.

Ndisawakometsere poti anapita: masewerawa sankawatha. Mu ragibi mpira umaponyera mnzako amene ali kumbuyo kwako, osati kutsogolo, ndipo lamulo limeneli linawanyansa chaka chathunthu. Ankati moyo wawo wonse anthu akhala akuwauza kuti tiyeni patsogolo, ndiye lero aphunzire kubwerera m'mbuyo atamera imvi? Wezulo ikalira chifukwa aponyera kutsogolo, ankatsutsa ngakhale aliyense waona. Kuthamanga ankathamanga chowerama, ngati akusakasaka singano yogwa. Chimene chinkawasangalatsa chinali kudumpha kwa mpirawo ukagunda pansi, poti sudziwika kolowera. Ankaseka mpaka kutsokomola, amvekere umenewu ndiye mpira woona, wofanana ndi mbuzi yothawa pamsika.

Kabudula anakana. Mwamuna wachisilamu saonetsa mawondo pagulu, choncho anakakamiza telala uja kuwadulira buluku lakale cha m'munsi mwa mawondo, ndipo anakangana sabata yathunthu za utali wake. Dzuwa likamalowa ankatuluka m'bwalo osatsanzika, ngakhale mpira uli m'manja mwawo, kukasamba pampopi wa sukulu n'kuyala jekete kuseri kwa zigoli. Poyamba tinkaima kuwadikira, koma anatikalipira kuti Mulungu wawo safuna oonerera. M'mwezi wa Ramadani ankabwerabe, milomo itauma gwa, ife tikumwa madzi mobisala kuseri kwa mtengo. Anatigwira tsiku lina n'kutiuza kuti timwe poyera, kusala ndi kwawo osati kwathu.

Chifukwa chimene anayambira masewerawa ankauza aliyense chosiyana. Kwa akazi awo, Abiti Saidi, anati adokotala awalamula kuti azithamanga chifukwa cha shuga. Kwa telala anati akufuna aone ngati ulusi wawo ungapirire. Kwa akuluakulu anzawo a kumzikiti, amene anawaitana kukawakumbutsa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, osati ogubuduka m'fumbi ndi ana, akuti anayankha kuti dambo lenileni ng'ombe zimalipondaponda, koma iwo palibe amene akuwaponda. Rajabu ndiye anasiya kudutsa pakhonde paja kwa miyezi ingapo, chifukwa anzake ogulitsa nawo zitsulo za galimoto ankamufunsa ngati kabudula wa bambo ake wauma.

Miyezi yoyambirira zonse zinkayenda bwino, chifukwa inali nthawi ya chilimwe. Bwalo lija likauma limalimba ngati simenti, ndiye tinkasewera mongokhudzana: ukamugwira mnzako ndi manja awiri m'chiuno, basi waima. Mavuto anayamba mvula itagwa, nthaka itafewa, a Kachingwe, kochi wathu, atalamula kuti tsopano tiyambe kugwetsana zenizeni. Ambiri a ife tinakulira m'midzi ya kuno konkuno, ku Mitundu, ku Nathenje, ku Kasiya. Tinaleredwa kuti wamkulu umamulandira chinthu ndi manja awiri, ukamadutsa pamene wakhala umawerama, ndipo ukamugunda mwangozi umapepesa mpaka iye atatopa. Ndiye wina akuuze kuti uthamange, ulowetse phewa m'ntchafu za munthu wa msinkhu wa bambo ako, umugwetse chagada m'matope? Palibe amene anapangana ndi mnzake. Matupi athu ankangokana okha.

Choncho Che Amidu akatenga mpira, njira inkatseguka. Wina ankaterereka dala. Wina ankafika mochedwa pang'ono, n'kumenya pansi ngati zamupweteka mtima. Ine luso langa linali lowagwira malaya n'kumathamanga nawo limodzi mpaka titatuluka kunja kwa mzere. Ankagoletsa kawirikawiri kuposa aliyense, ife n'kumaomba m'manja. Tinkadziona ochenjera, kuiwala kuti tikunamiza munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga mapazi. Sabata yachiwiri isanathe anali atatitulukira. Tsiku lina atafika pamzere wogoletsera sanaike mpira pansi monga timagoletsera mu ragibi. Anatembenuka, anauponya m'matope, n'kutifunsa ngati iwo ndi mkwatibwi kuti tiziwaperekeza. Nawonso akabwera kudzatigwetsa, ndi manja awo aja olimba ngati pulayazi, tinkagwa msanga asanatikankhe n'komwe, ndipo zimenezi ndiye zinkawapweteka koposa.

Ndi a Kachingwe anakangana kosawerengeka. A Kachingwe, amene masana ankaphunzitsa pasukulu pomwepo, ankati fupa la munthu wa zaka zimenezo likathyoka sililumikizana, ndipo iwo sakufuna kukaima pamaso pa banja la eni kukafotokoza. Che Amidu ankayankha kuti fupalo ndi lawo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Anafika polemba kalata, n'kusainira, yonena kuti akavulala mlandu ndi wawo. A Kachingwe anaipinda n'kuiika m'thumba, koma palibe chinasintha, poti vuto silinali pa pepala. Kunyumba nako Abiti Saidi anathira mchere pachilonda osadziwa. Tsiku lina tinawaperekeza kwawo tonse tili matope okhaokha, ndipo mayiwo atayang'ana malaya a amuna awo anafunsa, mosaganizira choipa, chifukwa chake kumsana kwawo kokha kumabwera koyera masiku onse.

Chifukwa chenicheni anandiuza kamodzi kokha, tikuyenda kuchokera kubwalo kupita kokwerera minibasi. Ankayenda mofulumira monga mwa masiku onse, ine ndikuchita kuwathamangira.

"Kalaliki, iwe sunakule, sungadziwe," anatero. "Munthu ukamera imvi anthu amasiya kukugwira. Moni amakupatsa ndi nsonga za zala. M'minibasi amakupatsa malo, pamaliro amakupatsa mpando. Ine ndinakula ndikugwetsana ndi achimwene anga pamchenga wa kumtsinje kwathu ku Machinga, tsiku ndi tsiku. Chimwalirireni iwo aja, palibe munthu anandikankhapo."

Ndinamva chisoni kwambiri, ndipo ndinawauza kuti ndamva. Lachinayi lotsatira anabwera ndi mpira molunjika ine, ndipo ndinawagwira malaya monga kale.

Pali chinthu chimodzi chimene ankachiyeserera okha, ife tikuseka chamumtima. Lamulo limati ukagwetsedwa, utembenukire kumene kuli anzako, utambasule manja, uike mpira pansi n'kuusiya kuti wa timu yako autole masewera apitirire. Poti panalibe wowagwetsa, Che Amidu ankadzigwetsa okha pakona ya bwalo: kuthamanga masitepe asanu, kugwa, kutembenuka, kuika mpira, kudzuka, kuyambiranso. Anachita zimenezi zaka zitatu.

M'chaka chachitatucho kunabwera timu ina yochokera kumwera kudzasewera nafe masewera a chibale. Kunali kutagwa mvula m'mawa. Kutatsala mphindi khumi, tikugonja ndi pang'ono, a Kachingwe anawalowetsa Che Amidu chakumphepete, kumene ankaganiza kuti mpira sufikako. Koma unafika. Ine ndinapanikizidwa ndi anthu awiri, ndinayang'ana kumanzere, ndipo amene analipo anali iwo okha. Ndinawaponyera, anauwakha bwinobwino, n'kuyamba kuthamanga chowerama chawo chija. Kutsogolo kwawo kunali mnyamata wa timu inayo, wa zaka mwina makumi awiri ndi ziwiri, chimunthu chonenepa khosi. Iyeyo sankawadziwa, ndipo monga aliyense wophunzitsidwa bwino, maso ake anali pa miyendo osati pankhope. Anatsika, analowetsa phewa m'ntchafu, anakulunga manja, n'kuwanyamula pang'ono. Che Amidu anagwa chagada kuti khu, matope n'kuthovukira m'mwamba. Panalibe cholakwika chilichonse pa kagwetsedwe kameneko. A Kachingwe akanatha kukajambula n'kumaphunzitsira.

Ndinaona ndi maso anga zimene anachita ali pansipo. Anatembenukira kwa ife, anatambasula manja onse awiri, anaika mpira pa udzu mwaukhondo, n'kuusiya. Unali poyera, kutsogolo kunalibe munthu, aliyense wa ife akanautola akanagoletsa. Palibe anautola. Tonse tinaudumpha n'kuthamangira mnyamata uja, ndipo woyamba kumugwira pakhosi ndinali ine. Ndikukumbuka ndikumufunsa ngati kwawo kulibe akuluakulu. Anzake anabwera kudzamuteteza, zibakera zinayamba, woimbira analiza wezulo mpaka kutopa, kenaka anangothetsa masewerawo. Mnyamatayo atamasuka m'manja mwathu anaona imvi zija koyamba. Nkhope yake inagwa. Anagwada m'matope momwemo, manja pamodzi, n'kunena kuti pepani bambo, sindinakuoneni.

Che Amidu anali ataimirira kale, mlomo ukutuluka magazi, msana wonse uli matope. Anapita kwa mnyamatayo n'kumukoka mkono.

"Dzuka, usandinyoze. Iwe wekha ndiye wasewera nane lero."

Kenaka anatembenukira kwa ife. Sanakweze mawu. Analoza ndi chala pamene mpira unali chikhalire, wokhawokha pa udzu.

"Mpira ndinaika. Uli apo."

Anatola jumbo yawo n'kumapita wapansi, osasamba n'komwe. Abiti Saidi anandiuza pa sadaka paja kuti malaya a tsiku limenelo amuna awo anawaletsa kuchapa kwa sabata yathunthu.

Miyezi iwiri sanabwere. Bwalo linazizira, panalibe wotsutsana ndi wezulo. Potsiriza ndinapita kukhonde kwawo ndi nsapato imene inalibe vuto lililonse. Anaitembenuza kamodzi n'kundibwezera, osandiuza kuti ndiyende mpaka pamtengo wa magetsi. Ndinapepesa, ndipo anati kupepesa ndiye matenda athuwo. Ndiye ndinalonjeza. Ndinati akabwera Lachinayi ndiwagwetsa ine ndemwe, mmene ndimagwetsera wina aliyense, ndipo ndinalumbira. Mwendo uja ukugwedera, anangonena kuti tikaonera komweko.

Lachinayi anabwera, buluku lija litachapidwa. A Kachingwe anatiika awiri m'kanjira kamene anapanga pondandalika zidebe, ena onse ataima m'mbali. Che Amidu anabwera ndi liwiro lawo lonse, mpira pachifuwa, maso ali pa ine. Ndinatsika bwino, phewa linafika pantchafu, manja anakulunga. Mpaka pamenepo zonse zinali zoona. Koma nditamva kupepuka kwa thupi lawo, nditamva fungo la guluu ndi chikopa limene linkandikumbutsa bambo anga omwe, miyendo yanga inaleka kukankha. Ndinawatsitsa pang'onopang'ono ngati thireyi ya mazira, ndipo dzanja langa lamanzere linapita lokha kukatchinga kunkhongo kwawo kuti mutu usagunde pansi. Anagona pamenepo kanthawi akuyang'ana kumwamba. Kenaka anatembenuka, anaika mpira, anadzuka, anasasa buluku.

"Zikomo kwambiri, a Kalaliki. Mwandisamala."

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso kuti iwe. Anandibwezera ulemu wanga wonse, ndipo unandiwawa kuposa chibakera.

Anaseweranso zaka zinayi, ndipo sanapemphenso munthu kuti awagwetse. Kukangana ndi wezulo anapitiriza, kuseka mpira ukadumphira kolakwika anapitiriza, koma akatenga mpira ankaupereka msanga kwa wina, asanafike pamene munthu angachite kuwapatukira. Timu ya kumwera ija itabweranso, anyamata ake anali atauzana kale za mdala wa ku Lilongwe, ndipo nawonso ankaterereka. Chaka chathachi miyendo inayamba kutupa, mpweya kuchepa. Ankabwerabe kudzakhala pamzere ndi chikwama chawo cha zida, kumasoka nsapato zathu za kaunjika zimene zinkasomoka sabata iliyonse, uku akutikalipira kuti timathamanga ngati tabwereka miyendo. Ngakhale pamenepo sankakhala mphindi zisanu osaimirira. Anamwalira mvula itangoyamba kugwa, Lachitatu m'mawa. Uthenga unandipeza mochedwa ku ofesi, ndipo poti Asilamu sagoneka maliro, pamene ndinkatsika minibasi ku Old Town anthu anali akubwerako kumanda.

A Kachingwe mpaka lero amati tinachita bwino. Amati munthu uja anafa ndi matenda ake, mafupa ake onse ali amphumphu, ndipo palibe wa ife amene akuyenda ndi mlandu wa khosi la bambo wa eni. Mwina akunena zoona. Ndayesa kuvomereza zimenezi ndili pa desiki, ndili m'minibasi, ndili kutchalitchi, koma sizikukhala. Munthu anatipempha chinthu chimodzi chokha, chimene timapatsana tokhatokha kawiri pa sabata osaganizako, ndipo tinamumana chifukwa tinkaopa mmene ife tikanamvera mumtima. Rajabu akadzandifunsanso ndidzamuuza kuti bambo ake anasewera ragibi yeniyeni kwa mphindi imodzi, ndipo anaisewera bwino kuposa ife tonse.

Pakhonde paja sipanakhale pululu. Old Town sisunga malo a munthu: sabata isanathe panali patakhala kale wogulitsa zikwama za mafoni, ndipo telala uja amasesa mbali zonse ziwiri ali chete. Malo amene atsala ali kubwalo. Pulakatisi iliyonse a Kachingwe amaliza wezulo n'kunena kuti awiriawiri, aliyense apeze mnzake wogwetsana naye. Zaka zonsezi mawu amenewa akamveka tinkachita chothamangira, kugwirana mikono msangamsanga, maso pansi, kuti tisatsale ndi iwo. Che Amidu ankatsala kumapeto kwa mzere, pafupi ndi chigoli cha kumadzulo, manja m'chiuno, akupondaponda pamalo amodzi kuti thupi lisazizire, mpaka a Kachingwe atawakokera thumba la utuchi kuti azigwetsa limenelo. Pamalo pamenepo udzu unatha, panatsala kadazi kozungulira kukula ngati lichero. Lachinayi lapitali wezulo inalira, ndipo tinathamangirabe kugwirana mikono monga tinazolowera. Titakweza maso tinapeza kuti tilipo khumi ndi anayi, aliyense ali ndi mnzake, palibe wotsala. Kadazi kaja kayamba kumera. Tinagwetsana mpaka dzuwa kulowa, ndipo palibe amene anapepesa mnzake.